Mkazi Akamaopa Mapazi a Mwamuna Wake

Pamaliro a mayi amene waphedwa ndi mwamuna wake pamamveka mawu amodzimodzi, kaya malirowo achitika ku Ndirande kaya m'mudzi wina wa ku Mchinji. Amayi amene agona m'siwa amanong'onezana kuti, "Ifetu tinkaona." Abambo nawo, ali kuwotha moto panja, amapukusa mitu nati, "Mkamwini ameneyu tidamudziwa kale mtima wake." Ankhoswe amakumbukira tsiku limene malemuyo adathawira kwawo usiku, mwana ali kumsana, iwo namubweza m'mawa mwake ndi malangizo oti akapirire. Aliyense ali ndi kanthu kamene adaona. Tsono funso limene anthu amaliopa pamaliro otere ndi ili: ngati mudzi wonse unkaona, chidaumanga manja n'chiyani?

Sikuti anthuwo ndi ouma mtima ayi. Ambiri mwa iwo adamukonda malemuyo, ndipo misozi yawo ndi yoona. Chimene chidawasokeretsa ndi dzina limene adapatsa zimene ankaonazo. Adazitcha nsanje, adazitcha kupsa mtima, adazitcha za m'banja, ndipo chinthu chikangotchedwa za m'banja munthu wodzilemekeza amayang'ana kumbali. Adasokoneza zinthu ziwiri zimene zimafanana kwa munthu wodutsa pamsewu, chonsecho n'zosiyana monga chimfine ndi chifuwa chachikulu: mkangano ndi nkhanza.

Palibe banja limene silikangana. Anthu awiri oleredwa m'nyumba zosiyana sangalephere kusemphana pa za ndalama, za ana kapena za apongozi. Koma pamkangano onse awiri amalankhula, onse awiri amakwiya, ndipo ngakhale agone chofulatirana, palibe amene amagona akuganiza kuti mwina sadzuka. Pankhanza mmodzi yekha ndiye ali ndi mawu. Winayo amayeza liwu lililonse asanalitulutse, amatontholetsa ana msanga njinga ikamveka pabwalo, amamvetsera mapazi a mnzake pakhomo kuti adziwe ngati lero kuli mtendere. Chizindikiro choyamba ndiponso chachikulu ndi mantha. Kumene kuli mantha otere, nkhaniyo yawakulira ankhoswe, ngakhale chibakera chisanaponyedwe.

Kawirikawiri zinthuzi siziyamba ndi chibakera, ndipo n'chifukwa chake achinyamata amene angotsiriza kumene sukulu ayenera kuzimvetsa bwino. Mtsikana walemba mayeso a Fomu 4, ali pakhomo kudikira zotsatira, ntchito kulibe, ndalama ya sopo n'kuchita kupempha kwa mayi. Pamenepo pamatulukira mnyamata waulemu, wa geni yake kapena wa ntchito ya pamwezi, namugulira foni. Mphatsoyo ndi yokoma ndithu, koma mwezi usanathe yasanduka chingwe. Foni ikalira kawiri osayankhidwa, wapalamula. "Unali kuti? Unali ndi yani? Amaseka kumbuyoko ndani?" Kenaka afuna nambala yotsegulira foniyo kuti aziwerenga mauthenga onse. Anzake a mtsikanayo, amene adakhala nawo m'kalasi imodzi zaka 4, ayamba kutchedwa oyendayenda. Mchemwali wake akuti ndi wamiseche. Kwaya ya kutchalitchi akuti idachuluka anyamata. Zotsatira zikatuluka, mtsikana nanena zobwereza kalasi kapena zofunsira malo kukoleji ya aphunzitsi, yankho limabwera lotsekemera: "Uvutikiranji ndi sukulu ine ndilipo?" Ndipo zonsezi zimayenda mothamanga. Chibwenzi chili ndi miyezi 3, mnyamata ali kale pa nkhani yotengana.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mtsikanayo amanyadira. Amauza anzake kuti, "Amandikonda zedi, safuna ndiyankhule ndi mwamuna wina aliyense," anzakewo namusirira. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu amene akuchotsa mnzake pakati pa abale, abwenzi ndi maphunziro akumanga mpanda, ndipo akuumanga kuti tsiku limene wa m'katiyo adzakuwe pasadzakhale womumva.

Zimenezi si nkhambakamwa chabe. Pa kafukufuku wamkulu wa za umoyo ndi chiwerengero cha anthu amene ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba idachita mu 2015 ndi 2016, amayi sadangofunsidwa ngati adamenyedwapo. Adafunsidwanso ngati amuna awo amachita nsanje iwo akalankhula ndi amuna ena, ngati amawanamizira chigololo kawirikawiri, ngati amawaletsa kucheza ndi amayi anzawo, ngati amawatalikitsa kwa abale awo, ndiponso ngati amaumirira kudziwa kumene ali nthawi zonse. Akatswiri amafunsa mafunso amenewa chifukwa adaona m'maiko ambiri kuti kumene makhalidwe otere achulukana, kumenya sikukhala kutali. Kafukufukuyo adapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse amene adakwatiwapo adachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kaya kukakamizidwa kugonana, kaya kuzunzidwa m'maganizo. Mphunzitsi amene ali ndi atsikana 50 m'kalasi mwake angathe kudziwerengera yekha kuti ndi angati mwa iwo amene moyo wotere ukuwadikira ngati zinthu sizisintha.

Ukwati ukachitika, mpanda uja umatsirizidwa ndi ndalama. Mpamba wa geni ya mandasi walandidwa. Ngongole ya kubanki m'khonde yatengedwa m'dzina la mkazi, koma wadya ndi mwamuna. M'madera olima fodya nkhani ndi yodziwika: mayi wagwira ntchito chaka chonse, kuchokera kunazale mpaka kuchigafa, koma fodya akagulitsidwa kuokushoni sauzidwa n'komwe kuti wapita pa mtengo wanji. Munthu wopanda ndalama ya basi sathawa, ndipo wankhanza amadziwa zimenezi.

Mu 1979 katswiri wa za maganizo wa ku America, Lenore Walker, adalongosola mmene nkhanza zimazungulirira m'mabanja ambiri: poyamba mitambo imasonkhana, aliyense m'nyumba akuyenda monyang'ama, kenaka mphezi imang'amba, pambuyo pake kumabwera kupepesa, misozi ndi malonjezo. Sikuti mabanja onse amatsata njira imeneyi, ndipo mwa ena kupepesako kumadzatha n'kungotsala kumenya kokha. Koma ndani sadaonepo chitenje chatsopano chimene chimabwera m'mawa mwa tsiku lotsatira chipwirikiti? Chitenje chimenecho ndicho chimasokoneza mayi, chimasokonezanso abale. Chimodzimodzi mowa. Anthu amati, "Ndi kachasu chabe, akakhala bwinobwino ndi munthu wabwino." N'zoona kuti mowa umakulitsa ukali, koma bambo yemweyo ngakhale aledzere chotani samenya bwana wake kuntchito, samenya nyakwawa, samenya wapolisi. Amafika kaye kunyumba n'kutseka chitseko. Munthu amene angathe kusankha womumenya ndiye kuti nzeru zake sizidamuchokere.

Tsono pali zizindikiro zina zimene siziyenera kudikira msonkhano wa abale wa Loweruka likudzali. Choopsa kwambiri, chimenenso anthu amachipeputsa kwambiri, ndi kukanyanga pakhosi. Amachiona chochepa poyerekeza ndi kuthyoka mkono chifukwa nthawi zambiri sichisiya bala looneka. Mayi amangosasa mawu, amavutika kumeza nsima, maso amafiira, akafunsidwa nati ndi chimfine. Chonsecho munthu wokanyangidwa pakhosi angathe kukomoka m'masekondi ochepa, ndipo pakati pa kukomoka ndi imfa palibe mtunda wautali. Kafukufuku amene Nancy Glass ndi anzake adafalitsa ku America mu 2008 adaonetsa kuti mayi amene adakanyangidwapo pakhosi ndi mwamuna wake ali pangozi yodzaphedwa yoposa ka 7 poyerekeza ndi mayi wozunzidwa amene sadakanyangidwepo. Mwamuna amene wagwira mkazi wake pakhosi wamuonetsa kale kuti angathe kumupha, ndipo mkaziyo uthengawo waumva ngakhale abale ake asaumve.

Mawu akuti "ndidzakupha" nawo si oseka nawo, ngakhale anenedwe munthu ataledzera. Akuti "ukandisiya ndidzadzipha" amamveka ngati achisoni, koma ndi oopsa chimodzimodzi, pakuti munthu amene wataya moyo wake m'maganizo saopanso ndende. Chikwanje chimene chachoka kumunda n'kuyamba kugona pansi pa bedi, kumenya mayi woyembekezera, kumukakamiza kugonana, kumuzembera kumsika kapena kuchigayo, kumenya kumene kale kunkachitika pa Khirisimasi pokha koma tsopano n'kwa sabata iliyonse: chilichonse mwa zimenezi chikaoneka, nkhani yafika pa moyo ndi imfa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidanena mu 2013 kuti mwa amayi 100 alionse ophedwa padziko lapansi, ofika 38 amaphedwa ndi amuna awo kapena zibwenzi zawo.

Anthu akamva zotere amafulumira kufunsa kuti, nanga osangochoka bwanji? Wofunsa chotero sadziwa kuti nthawi yochokayo ndiyo yoopsa koposa. Jane Monckton Smith, wa kuyunivesite ya Gloucestershire ku England, adasanthula nkhani za amayi 372 ophedwa ndi amuna awo nafalitsa zimene adapeza mu 2019. Adaona kuti imfa zotere sizigwa mwadzidzidzi monga mmene opha amanenera kukhoti. Pamakhala mwamuna amene adalamulirapo kale akazi ena mwankhanza, chibwenzi chothamanga, ulamuliro wa tsiku ndi tsiku, kenaka chinthu china chimene chimamuonetsa kuti ulamulirowo ukumupulumuka, ndipo kawirikawiri chinthucho ndi kuchoka kwa mkazi. Pamenepo amachonderera, amaopseza, amazembera, ndipo zikakanika amayamba kukonzekera. Za ku England si za ku Malawi, koma amene adamvapo nkhani za m'makhoti a dziko lino adzaizindikira njira imeneyi. Ndipo mbali yoyamba ija ikukumbutsa mwambo wabwino umene ukutayika. Kale makolo ankafufuza khalidwe la mnyamata asanalole chinkhoswe. Lero amafunsa za ntchito yake, koma ndi ochepa amene amafunsa kuti banja lake loyamba lidatha bwanji.

Apa ndi pamene udindo wa ankhoswe uyenera kuunikidwa mosapsatira. Udindowu ndi wolemekezeka, ndipo pa mikangano ya ndalama za ndiwo kapena ya apongozi olowerera, nkhoswe yanzeru imaposa khoti. Koma njira yake, yokhazika awiriwo pamphasa imodzi kuti aliyense anene mbali yake, imayenda pokhapokha onse awiri ali omasuka kulankhula. Mayi wamantha amayang'ana pansi nati, "Zatha, ndakhululuka," chifukwa akudziwa kuti alendo akanyamuka iye atsala ndi mwini nyumba. Zochepa zimene waulula zimasanduka mlandu watsopano usiku womwewo: "Wandichititsa manyazi pamaso pa abale ako." Motero msonkhano umene udaitanidwa kuti uzimitse moto umauthira mafuta, abale nabwerera kwawo akuganiza kuti agwira ntchito.

Kafukufuku wa 2015 ndi 2016 uja adaonetsanso kuti pafupifupi theka la amayi ochitiridwa nkhanza sadapemphepo chithandizo kapena kuuzako munthu wina aliyense, ndipo mwa amene adapempha chithandizo, ambiri adapita kwa abale awo, osati kupolisi. Ndiye kuti khomo loyamba kugogodwa ndi la malume kapena la mchimwene, ndipo zimene zinenedwe pakhomo limenelo zingathe kusunga moyo kapena kuutaya. Mchimwene amene ali nkhoswe ayenera kuyamba waonana ndi mlongo wake payekha, kutali ndi mwamuna wake, namufunsa mosabisa kuti, "Achemwali, kodi alamu anga mumawaopa? Adakugwiranipo pakhosi? Adanenapo zoti adzakuphani?" Yankho likakhala inde pa limodzi mwa mafunso amenewa, ntchito yoyanjanitsa iyambe yaima. Chofunika tsopano ndi pogona potetezeka.

Pa kafukufuku yemweyo amayi 16 mwa 100 ndi abambo 13 mwa 100 adavomera kuti mwamuna angamenye mkazi wake pa zifukwa zina, monga kupsereza chakudya kapena kuchoka osatsanzika. N'zodabwitsa kuti amayi adaposa abambo, ndipo alangizi a pachinamwali ndi a pachilanganizo cha ukwati ayenera kudzifunsa kuti adaphunzitsa zotani. Komabe manambalawa akunenanso kanthu kena kolimbitsa mtima: Amalawi ambiri sakhulupirira kuti kumenya ndi mankhwala a banja. Chimene chimasunga nkhanza si chikhulupiriro cha ambiri koma kukhala chete kwawo.

Wina anganene kuti maganizo otere apasula mabanja. Banja limene mmodzi amagona ndi mantha lidapasuka kale, chatsala ndi denga chabe. Chodandaula chenicheni, chimene sichiyenera kunyozedwa, ndi umphawi. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mwamuna womenyayo mwina ndi yemwe amalipira fizi ya alamu ake, ndi yemwe adagula malata a nyumba ya apongozi. Mayi wa pachitengwa ali kutali ndi kwawo, wa m'tauni ali m'nyumba ya lendi imene sangathe kulipira yekha, ndipo onsewa akuganiza za ana. N'chifukwa chake ambiri amachoka n'kubwereranso, kawiri, katatu. Wothandiza amene amatopa nanena kuti "tidamuuza koma samva" watseka khomo lomaliza, ndipo wachitira wankhanzayo ntchito imene ankafuna kuchita yekha.

Malamulo a dziko lino sali chete pa nkhaniyi, ngakhale ambiri sawadziwa. Mu 2006 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loletsa nkhanza za m'banja. Lamuloli silinena za kumenya kokha. Limatchulanso nkhanza zokhudza kugonana, za m'maganizo ndi za chuma, ndipo silikhudza okwatirana okha: limafikanso anthu amene ali ndi mwana pakati pawo, ndi amene akhala pachibwenzi kupitirira miyezi 12. Khoti lingathe kupereka chiletso choti wankhanza asayandikire kapena kuopseza wodandaula, ndipo lingathenso kulamula kuti wozunzidwayo ndiye akhale m'nyumba, wankhanzayo atuluke. Mbale kapena wapolisi angathe kukapempha chiletsocho m'malo mwa mayi amene sangathe kupita yekha, ndipo kuchiphwanya ndi mlandu. Kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa imene ambiri amaidziwa ndi dzina loti Victim Support Unit. M'zipatala zina, monga Queen Elizabeth Central ku Blantyre, kudakhazikitsidwa malo otchedwa Chikwanekwane, kumene dokotala, wapolisi ndi mlangizi amapezeka pamalo amodzi. Wogwiriridwa afike kuchipatala asanathe maola 72, pakuti mankhwala oteteza ku HIV sayambidwa nthawi imeneyo ikapitirira. Bungwe la YONECO la ku Zomba lidakhazikitsanso nambala zaulere, 5600 ya nkhanza zotere ndi 116 ya ana. Kunena zoona, pepala la kukhoti silingagwire chikwanje, ndipo kwa mayi wa kumudzi khoti lili kutali. Koma wankhanza amene wadziwa kuti dzina lake lalembedwa kupolisi salinso m'chinsinsi chimene ankadalira.

Amuna ozunzidwa ndi akazi awo aliponso, ndipo iwo amasekedwa kumene ayenera kumvedwa. Lamulo la 2006 limawateteza chimodzimodzi.

Nanga mphunzitsi zikumukhudza bwanji? Ndi iye amene amaona msanga kuposa mfumu kapena m'busa, chifukwa ana a m'nyumba zotere amakhala pamaso pake tsiku ndi tsiku. Mwana amene amasinza m'phunziro loyamba, amene amadzidzimuka chitseko chikamenyetseka, amene amachedwa dala kuweruka ngakhale kulibe masewero, mwina si waulesi ayi, mwina usiku adagona akumvetsera. Ndipo nkhanza sizifunsa satifiketi. M'chipinda cha aphunzitsi momwemo mungathe kukhala mayi amene amavala malaya a manja aatali m'mwezi wotentha wa Okutobala, amene mwamuna wake amamudikira pageti tsiku lililonse ndi kumusungira khadi la kubanki, amene kale ankaseka koma tsopano amayang'ana foni mwamantha ikalira. Anzake amati ali ndi mwamuna wosamala. Mphunzitsi ali ndi anyamatanso m'kalasi, amene ena mwa iwo aphunzira kale kunyumba kuti kulanda foni ya mtsikana ndi umuna. Mawu a mphunzitsi wamwamuna amene iwo amamulemekeza angawafike pamtima kuposa chikwangwani cha pamsewu.

Wofuna kuthandiza, kaya ndi mphunzitsi kaya mnansi, asathamangire kwa mwamunayo kukamudzudzula, pakuti mkwiyo umene autsa udzagwera wina. Asatumizenso uthenga pafoni imene mwamunayo amawerenga. Apeze mpata wolankhula ndi mayiyo payekha, pachitsime, pachigayo kapena pochokera kumapemphero, amukhulupirire zimene anena, ndipo asamufunse kuti adalakwa chiyani. Asamulamule kuchoka lero lomwe, chifukwa mwini wakeyo ndiye amadziwa bwino nthawi imene nyumbayo imaopsa. Mayi amene watsimikiza zochoka asalengeze, asanene pamkangano kuti "mawa ndikupita kwathu". Achoke mwamuna kulibe, ndipo apite kumene mwamunayo sangayambire kumufuna. Zimene mnansi angachite ndi zazing'ono: kusunga kathumba kamene muli chitupa cha unzika, mabuku a kuchipatala a ana, satifiketi ya sukulu ndi ndalama ya basi, kulemba masiku amene adamva kukuwa, poti khoti lidzafunsa, ndi kupangana chizindikiro chimene awiriwo okha akuchidziwa. Mwana akabwera usiku kudzapempha mchere, mnansiyo asafunse zambiri. Adzutse anthu ena awiri kapena atatu, mmodzi aimbire apolisi, ndipo apite pamodzi kukagogoda.